Kadontho Kofiira Pansi pa Chala Changa

Tsiku limene apolisi anadzatenga mng'ono wanga, tiyi wa m'mawa anandikomera kuposa masiku onse. Ndikunena poyera, chifukwa bodza ndinalisiya tsiku lomwelo.

Linali Loweruka. Ndinaonera pa zenera la kashopu kanga akumutulutsa m'shopu yake ya chitseko cha galasi, tsidya lina la msewu, makiyi akadali m'manja. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kagwiridwe ka sikuludiraiva! Zaka zisanu anakhala pambali panga akuba nzeru ndi maso, kenako n'kukatsegula yake moyang'anizana ndi yanga, n'kuikamo mipando yofewa ndi fani. Makasitomala anga anayamba kuwoloka msewu mmodzimmodzi, ena osandipatsa ndi moni womwe. Iye amamutcha Injiniya. Ine amene ndinamuphunzitsa ndimangokhala "bambo aja okonza makompyuta". Ndiye atamukweza m'galimoto, mtima wanga unangoti myaa. Eya, ndinali ndi nsanje, yeniyeni.

Cha m'ma teni koloko munalowa wapolisi wamkazi, wamfupi, cholembera atachisomeka m'tsitsi, laputopu ili m'khwapa. Pambuyo pake panali wojambula zithunzi wa m'kanjira ka kuseri, amene tonse timamutcha Mwetulirani chifukwa ndiwo mawu amene amanena tsiku lonse. Tsiku limenelo nkhope inali ndwii.

"Ndine Sajeni," anatero mayiyo. "Inu ndinu mkulu wake wa Injiniya?"

"Ndine amene ndinamuphunzitsa."

"Sindinafunse zimenezo, koma zikomo. Bambo awa ali ndi dandaulo. Nenaninso, bambo."

Mwetulirani anakonza kolala ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'thumba.

"Ine ndine munthu wa ntchito zaukhondo, aliyense amadziwa. Dzulo ndinapereka laputopu iyi kwa mnyamata uja ili bwinobwino, kungoti imachedwa pang'ono. Lero akuti diski yafa. Yafa bwanji? Muli ukwati wonse wa Loweruka lathali, ndipo khadi ya mu kamera ndinafufuta kale. Eni ake akufuna zithunzi. Ine ndikudziwa zomwe wachita. Wachotsa diski yanga yabwino, wakopera zinthu zanga pa diski yowola, n'kuikamo. Ndi mbava!"

"Funso langa ndi limodzi," anatero Sajeni akundiyang'ana. "Diski ili mumuyi ndi yomwe inalimo, kapena yasinthidwa? Ngati yasinthidwa, mng'ono wanu agona kwathu mpaka Lolemba, kenako kukhoti."

Khoti silinali kanthu. Pa ntchito yathu ino, ukangotchedwa wosinthanitsa zipangizo za anthu, watha. Ngakhale wailesi yakufa sakupatsanso.

Ndinatembenuza laputopuyo chafufumimba, maso anga n'kugwera pa sikuluwu yotsekera kachitseko ka diski. Kanalipo. Kadontho kofiira, kouma, kosasweka.

Diski imeneyo ndinaikamo ndine zaka ziwiri zapitazo, Mwetulirani akadali kasitomala wanga. Ndili ndi chizolowezi changa. Ndikamanga sikuluwu yomaliza, ndimadonthezapo utoto wa zikhadabo womwe ndinawabera akazi anga. Munthu akangoikapo sikuludiraiva, utotowo umasweka. Uwu unali usanakhudzidwe, kutanthauza kuti palibe amene anatsegulapo chichokereni m'manja mwanga.

Ndinaikapo chala chachikulu.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Sajeni.

"Palibe," ndinatero. "Ndiyambe ndaimva kaye."

* * *

Ndinaiyatsa kudzera pa fulashi yanga kuti ndisaivutitse, n'kugunditsa khutu pambali pa mabatani. Inkalira kuti ke, ke, ke, n'kupuma, n'kuyambiranso. Nditatsegula pulogalamu yoyezera, pa sikirini panadzaza timabokosi tobiriwira, mzere ndi mzere, kenako chapakati panatulukira chigamba chofiira.

"Zofiirazo n'chiyani?" anafunsa Sajeni.

Apa ndiye ndinadzikola ndekha. Nsanje inali itanditseka pakamwa, koma matama a ntchito ananditsegula. Munthu akandifunsa za diski sinditha kukhala chete.

"Timati mabadi sekita. M'kati mwa diski muli kambale kozungulira mothamanga, ndi kasingano kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Tofiirato ndi timalo ta pa mbale tomwe tasiya kuwerengeka. Diski ikamafa ndi ukalamba, timalo totere timamwazikana apa ndi apo ngati nthomba. Koma onani apa. Tonse taunjikana pamodzi. Ili ndi bala. Wina anaimenya laputopuyi ikugwira ntchito, singano n'kugwera pa mbale, pamalo penipeni pomwe inkawerenga."

"Mwamva?" anakuwa Mwetulirani. "Waikamo diski yomenyedwa!"

"Nanga tofiira tating'ono tozungulira balalo?" Sajeni sanam'cheukire n'komwe.

"Uko n'kukanda. Munthu akaona kuti zithunzi sizikutseguka, amathamangira pulogalamu yokonzera diski, n'kuiyendetsa kawiri, katatu. Singano imangobwerera pa bala pomwepo, tizidutswa n'kumamwazika. Akanaizimitsa nthawi yomweyo n'kukopera kaye zamoyo pa diski ina, bwenzi zitatayika zithunzi zisanu ndi zitatu zokha. Pano theka la ukwati lili pangozi."

"Pansi pa bala penipenipo pali chiyani?"

Ndinafufuza m'ndandanda wa mafayilo. "Zithunzi za ukwati, kuyambira nambala 209 mpaka 216. Ndipo pulogalamu yokonzera zithunzi ikuonetsa kuti chomaliza kutsegulidwa chinali 212. Lachinayi, twente pasiti wani masana."

Sajeni anasolola cholembera m'tsitsi. "Lachinayi laputopu inali kuti, bambo?"

"Ku studiyo, pa tebulo. Koma ine kunalibe. Ndinali kusukulu ya mkaka, kujambula ana, kuyambira thwelofu mpaka fili koloko. Funsani aliyense."

"Ndifunsa," anatero. Kenako kwa ine: "Tsekani shopu, bambo. Tiyendere limodzi. Laputopuyo nyamulani nokha, ndaona kuti mukuigwira mwachikondi."

Ndinaigwira ndithu, chala chili pamalo pake.

* * *

Khoma limodzi ndi studiyo kuli wometa tsitsi, munthu amene pakamwa pake pamathamanga kuposa makina ake. Tinamupeza akumeta mkulu wina wadazi pakati.

"Lachinayi? Aaa, bwana wanga, ndikukumbuka ngati lero! Khomali ndi pulayiwudi, munthu akayetsemula uko ine kuno ndimati pepani. Ndinali ndikukonza ndevu za dalaivala wina, wailesi itangomaliza nkhani za wani koloko. Ndinangomva phaa! Galasi langa ili linagwedezeka. Pang'onong'ono ndikanam'chotsa mlomo munthu."

"Kenako?"

"Kenako zii. Ndiye mpando kukwekwereza. Basi."

"Munaona amene anatuluka?"

"Maso anga amakhala pa mitu ya anthu, bwana. Koma ngati mukufuna maganizo anga, aulere," anatsitsa mawu, wadazi uja n'kutchera khutu, "funsani madamu a wojambulayo. Mayi aja nsanje yawo ndi ya dazi lomwe, yosafuna kuona tsitsi pamutu pa mnzake. Pepani bambo, sindikunena inu. Mwamuna wawo akangochedwa kukonza chithunzi cha mkazi, amaimirira kumbuyo kwake ngati woyang'anira mayeso. Ndipo mkwatibwi wa Loweruka uja, hii! Mumufunse amene akudziwa mbiri."

"Mbiri yanji?"

"Ine ndine wometa chabe," anatero, n'kuyatsanso makina.

Titatuluka ndinali nditagamula kale mlandu. Ndinaona mayi akutsegula laputopu mwamuna atachoka, n'kupeza mkwatibwi wokongola pa sikirini, dzanja n'kutsika. Ndinamumvetsa mayiyo kuposa mmene ndinkafunira. Munthu wansanje amadziwa fungo la mnzake.

"Ndi mkazi wake," ndinatero.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha Sajeni. "Inu mumafulumira kuweruza anthu. Pa zitsulo pokha ndi pamene mumachedwa."

Sindinafunse kuti akutanthauza chiyani.

* * *

Mkazi wa Mwetulirani amakhala pa kauntala ya studiyo, kulandira anthu ndi kudula timafoto ta ziphaso. Anali mayi wowonda, wolankhula mosakweza mawu, tsitsi lake litalukidwa mwatsopano, timizere ting'onoting'ono tofika m'chiuno. Mwamuna wake anali atalowa m'chipinda chojambuliramo, kuseri kwa katani.

"Lachinayi masana munali kuti, mayi?"

Anagwira tsitsi lake n'kulikweza. "Ndinali pansi pa ichi. Kuyambira naini koloko mpaka folo. Atsikana atatu amandikoka mutu, wachinayi akundibweretsera madzi. Saluni yake ndi ya pafupi ndi sitolo ya mankhwala. Pitani, akakuuzani ndi nkhani zomwe tinakamba."

"Laputopu mumaigwira?"

"Ine? Ili ndi nambala yachinsinsi. Zaka zisanu ndi chimodzi m'banja, sindiidziwa."

"Anthu akuti muli ndi nsanje."

"Anthu ake ndi wometayo. Sananame. Ndili nayo, ndipo sindiibisa ngati ena." Sindikudziwa chifukwa chake anayang'ana ine ponena zimenezo. Mwina sanandiyang'ane n'komwe.

"Mkwatibwi wa Loweruka ndi ndani kwa amuna anu?"

Mayiyo anaika lumo pansi pang'onopang'ono.

"Anali chibwenzi chawo ndisanabwere ine. Zaka zinayi. Anawasiya yekha. Achibale a mwamuna atabwera kudzafuna wojambula, sankadziwa kanthu, ndipo anapeza ine pano. Ntchitoyo ndinailandira dala. Abambo akunyumba amalumbira tsiku ndi tsiku kuti zinatha, anaiwala ndi nkhope yomwe. Ndiye ndinati chabwino, kajambuleni akukwatiwa, tione." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Anabwerako akuimba mluzu. Ndinati ndapambana."

"Lachinayi madzulo anali bwanji?"

"Anakhala pa laputopupo mpaka kuweruka, akuti ikuchedwa, akuikonza. Chakudya anadya ndi supuni."

"Ndi zachilendo?"

"Anaigwira ndi dzanja lamanzere," anatero mayiyo, ndipo mawu atangotuluka, ndinaona nkhope yake ikumva zomwe pakamwa panena.

Sajeni anatembenukira ku katani. "Bambo, tulukani. Mubwere ndi kamera."

* * *

Anatuluka, kamera ili pakhosi, dzanja lamanja likadali m'thumba. Sajeni anandipatsa kamerayo kuti ndipeze zithunzi za ana a sukulu. Zinalimo, tiana makumi atatu tovala yunifolomu, tina tikulira. Kamera imalemba nthawi pa chithunzi chilichonse.

"Choyamba chinajambulidwa teni pasiti thuu," ndinatero.

"Sukuluyo ili kutali bwanji?" anafunsa Sajeni.

"Mphindi khumi wapansi," anayankha mkazi wake, maso ali pa mwamuna.

"Ndinachedwa kuyamba! Ana amavuta kuwaika pamzere. Ine ndine munthu wa ntchito zaukhondo, sindijambula mwachisawawa."

"Maola awiri kuika ana pamzere," anatero Sajeni. "Chabwino. Bambo okonza, chithunzi 212 chija chinafa. Palibe njira yoti tichione?"

Inalipo. Kompyuta imasunga timakope ting'onoting'ono ta zithunzi pamalo ena, kutali ndi pomwe panali bala. Ndinaika laputopu pa kauntala, n'kufufuza mosamala kuti singano isayandikire pofiira paja. Kanatuluka kakang'ono ngati sitampa. Ndinakakulitsa mpaka kanayamba kuchita mbuu, koma zonse zinkaoneka.

Mkwati anali atangokweza velo. Mkwatibwi ankamuyang'ana m'mwamba akuseka, maso atatsinzina pang'ono, dzanja lake lili pa tsaya la mwamunayo. Sankayang'ana kamera. Anali ataiwaliratu kuti m'chipindamo muli wojambula.

Kuseri kwa pulayiwudi makina ometera anali atazima.

"Tulutsani dzanja," anatero mkazi wa Mwetulirani. Sanali Sajeni, anali mkazi wake.

Analitulutsa. M'mphepete mwake, kumunsi kwa chala chaching'ono, munali motupa, mwakuda bii.

"Ndinamenya tebulo," anatero Mwetulirani. "Chabwino, ndinamenya laputopu. Kamodzi kokha. Ine sanandisekerepo choncho, zaka zinayi zonse! Munthu ndi munthu, Sajeni."

Mkazi wake sanalire. Anatola lumo lake n'kuliika m'dirowa, n'kutseka.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Mwetulirani anapukuta nkhope, n'kuimika khosi.

"Koma zimenezo sizikusintha dandaulo langa. Ndinamenya, inde, koma inkayakabe. Zithunzi zambiri zinkatseguka. Diski yanga inali yolimba, yatsopano. Mnyamata uja wasintha basi. Anthu a ukwati akabwera, akafunse iyeyo. Ndani angatsimikize kuti diski iyi ndi yomweyo? Ndani?"

Ndinamvetsa chomwe ankaopa. Kuuza banja la mkwati kuti zithunzi zafa chifukwa wojambula amachitira nsanje mwana wawo, ndani angathe? Kunali kosavuta kupachika wina.

Sajeni anabweza cholembera m'tsitsi, n'kutsamira kauntala, n'kumayang'ana khoma ngati akuwerenga mitengo ya mafelemu. Ankadikira.

Ine m'mutu munali phokoso. Ndikanangokhala chete, Lolemba chitseko cha galasi chija chikanakhala chotseka. Makasitomala akanawolokanso msewu kubwerera kwanga, mmodzimmodzi, ndi manyazi awo. Sindikananama ngakhale liwu limodzi, kungokhala chete basi. Ndinayang'ana dzanja lotupa la Mwetulirani, ndinayang'ana langa. Iye anamenya kamodzi, mtima utamuphulika. Ine ndinali nditapanikiza chala pa mng'ono wanga kuyambira teni koloko, mtima uli m'malo, ndikudziwa chimene ndikuchita.

Ndinazimitsa laputopu, n'kuitembenuza.

"Ndingatsimikize ndine," ndinatero. "Onani sikuluwu iyi. Kadontho kofiiraka ndinaika ndine tsiku lomwe ndinaikamo diski imeneyi, zaka ziwiri zapitazo. Bambo awa analipo, anandiseka kuti ndikuipaka laputopu zodzoladzola. Sikanasweke. Palibe amene watsegulapo. Mng'ono wanga sanasinthe kanthu."

Mwetulirani anakhala pansi pa kabenchi ka makasitomala.

Sajeni anawerama, n'kuyang'ana kadonthoko nthawi yochepa kwambiri, yosakwanira munthu amene akukaona koyamba.

"Chala chatopa?" anandifunsa motsitsa mawu.

"Munkadziwa?"

"Mng'ono wanu anandiuza m'mawa, tisanafike ndi ku ofesi komwe. Koma mawu a woimbidwa mlandu si umboni. Utoto wofiira aliyense angapake. Ndimafuna mwini wake anene yekha."

Maola asanu ndikuyenda ndi mayi ameneyu m'misewu, ndikumuphunzitsa za singano ndi mbale ngati mphunzitsi wamkulu, iye akungoyang'ana chala changa.

* * *

Mng'ono wanga tinamupeza atakhala pa benchi ya m'khonde la ku polisi, lamba ndi zingwe za nsapato atamulanda, buluku akuligwira ndi dzanja. Popanda chitseko cha galasi kumbuyo kwake anaoneka wamng'ono, ngati tsiku lija anabwera kwanga koyamba atanyamula kachikwama ka pulasitiki. Atationa anaimirira msangamsanga.

"Achimwene!"

Anandikumbatira ndi dzanja limodzi, linalo likugwirabe buluku. Sajeni anauza wapolisi wa pa kauntala kuti am'bwezere katundu wake.

"Diski ija musataye nayo mtima," anayamba kulankhula mothamanga akumanga lamba. "Sindinaitsegule, ndimadikira ina yokula mofanana kuti ndikopere. Ndimati tiyambe ndi kobiriwira konse, kumapeto n'kumabwerera chambuyo, pabala tifikepo pomaliza, pang'onopang'ono, ngati mmene munandiphunzitsira. Koma pabalapo ine manja amanjenjemera. Pamafunika inu. Ukwati wa anthu uja tiupulumutse, iwo sanalakwe."

Ndinangogwedeza mutu.

"Ine sindinade nkhawa ngakhale pang'ono," anapitiriza akuseka. "Anzanga a pa benchiwa ndimawauza kuti ine sindikhalitsa pano. Ndinawauza Sajeni kuti musavutike ndi anthu ena, pitani kwa achimwene anga. Akangoitembenuza laputopuyo, kadontho kawo akaona pomwepo, mphindi imodzi ndatuluka." Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa fili koloko. "Koma ndiye mwachedwatu. Chinavuta n'chiyani, achimwene? Kanafufutika?"

Sajeni anali pambali akulemba m'buku lake. Cholembera chinaima, koma sanadzutse mutu. Anandisiyira khomo lotseguka. Ndikanatha kunena kuti panali fumbi, kapena kuti ofufuza amachedwa ndi mafunso awo, ndipo mng'ono wanga akanakhulupirira, chifukwa wakhala akundikhulupirira moyo wake wonse.

"Sikanafufutike," ndinatero. "Ndinakaona mphindi yoyamba."

"Nanga?"

Ndinakweza chala changa chachikulu, n'kumuonetsa.

"Ndinakaphimba ndi ichi."

Anayang'ana chalacho, kenako nkhope yanga, kumwetulira kukuchoka pang'onopang'ono. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anawerama n'kuyamba kulowetsa zingwe m'nsapato zake, bowo limodzilimodzi, ndipo ine ndinaimirira pomwepo ndi laputopu m'khwapa, kudikira kuti amalize.